Masekondi Makumi Awiri Pakhonde pa Apongozi

Mkazi wanga ankafuna chinthu chimodzi kwa ine, ndipo chinali cha ntchito yanga yomwe: chithunzi cha mayi ake. Ine ndine wojambula zithunzi. Ndili ndi kachipinda kanga pa boma la Ntchisi, ndipo ndajambula maukwati kuyambira ku Kasakula mpaka ku Mponela. Ndajambula makwaya, matimu a mpira, ana olemba mayeso, ngakhale ng'ombe ya munthu wina amene ankafuna kuti mwana wake wa ku Joni aone mmene yanenepera. Koma apongozi anga aakazi ndinali ndisanawajambulepo, ngakhale kamodzi, pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zimene ndinali mkamwini wawo.

Kumudzi kwa mkazi wanga, m'mapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi, mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Achinyamata a masiku ano amaseka akamva zimenezi, koma ife tinazipeza ndipo tinazitsata. Tikakumana panjira ya kudimba, iwo ankapatukira m'tchire n'kugwada atafulatira, ine n'kulambalala mbali inayo chipewa chili kumanja, moni ndikupereka kwa mitengo. Akafuna kundiuza kanthu ankayankhulira kuseri kwa khoma, kapena ankauza mwana wawo ine ndili pomwepo ndikumva zonse. Zaka zinayi zoyamba ndinakhala pamudzipo, nyumba yanga ndi yawo zitayang'anizana. Mawu awo ndinkawadziwa, chifuwa chawo ndinkachidziwa, mapazi awo ndi zitenje zawo zonse ndinkazidziwa. Nkhope yawo ndinkangoiona chapatali ndi m'mbali mwa diso, monga mmene munthu amaonera dzuwa.

Kuthawanaku kumatha munthu akafuna. Ana akabadwa angapo, mkamwini amakonza kamphatso, kaya nkhuku kaya nsalu, ankhoswe n'kukhalapo, apongozi n'kulandira. Kuyambira tsiku limenelo mumapatsana moni maso ndi maso. Nsaluyo ine ndinagula mwana wathu wachitatu atabadwa, ndinaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa sutukesi. Chaka chilichonse ndinkati tikakolola, tikakolola n'kuti tikagulitsa fodya. Zoona zake n'zakuti kuthawanako kunkandikomera. Mkamwini wothawidwa safunsidwa kumene anagona, ndipo sauzidwa kuti denga la khitchini likudontha.

Mkazi wanga anayesapo kuwajambula ndi foni. Akangoona foni ikudzuka, iwo ankaphimba kumaso ndi chitenje.

"Mukufuna chithunzi choti mukatsogoze pa bokosi langa?" ankatero. "Dikirani ndife kaye."

Chithunzi chokhacho chimene chinalipo chinali cha pa chitupa cha unzika. Chitupacho ankachimanga pangodya ya chitenje pamodzi ndi kabotolo ka fodya wosuta pamphuno, ndipo ankachapa nacho, kulima nacho, kugona nacho. Nkhope inali itafufutika, pongotsala kamthunzi kotuwa kamene kakanatha kukhala ka munthu aliyense.

Zojambula usiku ndinaziyamba chifukwa cha mkwiyo. Mafoni atachuluka, aliyense anasanduka wojambula. Pa ukwati ndinkapezeka ndikulimbirana malo ndi azakhali a mkwati amene ajambula chala chawo chomwe theka la chithunzi, koma akudzimva koopsa. Ndinkafuna chinthu chimene foni ya azakhaliwo singachithe. Ndinaphunzira pang'onopang'ono, kuonera makanema a anthu akunja, kulakwitsa, kubwereza. Ndinagula sitandi ya miyendo itatu pa kaunjika, ndipo mwendo umodzi ndinkaulimbitsa ndi mphira wa chubu cha njinga.

Nzeru yake si yovuta. Masana kamera imaphethira kamodzi, basi yaona. Usiku kuwala n'kochepa, ndiye umaisiya itatsegula diso kwa nthawi yaitali kuti itolere kuwalako pang'onopang'ono, monga mmene mbiya imadzazira pa kasupe wa m'chilimwe. Kabowo ka lenzi umakatsegula mpaka pomaliza. Nambala ya ISO, imene imauza kamera kuti imve kuwala msanga, umaikweza, koma osapyola muyeso, chifukwa chithunzi chimachita timadontho ngati mchenga. Fokasi umaika ndi dzanja, pakuti mumdima kamera imangosakasaka osapeza kanthu. Ine ndinkalozetsa pa nyali yofiira ya nsanja ya mafoni imene ili paphiri, n'kupotoza mpaka nyaliyo itachepa kukhala kadontho. Ndiye pali nthawi. Pa lenzi yangayo, masekondi makumi awiri ndiwo anali malire. Ukapyola pamenepo nyenyezi zimayamba kutalika, chifukwa thambo limayenda ngakhale ife sitiliona likuyenda. Pa masekondi onsewo kamera isagwedezeke, ndipo chimene ukujambulacho chisasunthe. Chosuntha chimasungunuka, mwina osaoneka n'komwe.

Anthu anandinena. Munthu wamkulu, wa ana atatu, kuima yekha m'munda wa eni pakati pa usiku ndi chinthu cha miyendo itatu, mungaganize nokha zimene ankandiyesa. Koma zithunzizo zinkatuluka, ndipo zinkandipatsa mtima wodzitama umene ukwati uliwonse unali utasiya kundipatsa.

Chaka china, titangokolola, tinapita kumudzi, ndipo usiku ndinajambula chigafa cha fodya cha malemu apongozi aamuna, phiri lili kumbuyo, mlalang'amba wa nyenyezi utadutsa pamwamba mbee. Chithunzicho ndinachitsukitsa chachikulu, mkazi wanga n'kukapatsa mayi ake. Ndinali kunja ndikumanga katundu pa njinga yamoto, ndiye ndinamva zonse.

"Ichi si chigafa cha bambo ako? Ajambula liti?"

"Usiku, mayi."

"Usiku? Ndi chiphaliwali chawo chija?"

"Ayi, popanda. Amangoisiya kamera ikuyang'ana."

Kenako apongozi anati, "Ndiye kuti wojambulayo saoneka?"

"Saoneka. Mdima wokhawokha."

"Nanga iye wojambulidwayo amamuona?"

"Kamera ndi imene imaona, mayi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Bodza limenelo. Chinthu chingaone mumdima ngati kadzidzi? Chabwino, awuze adzayese. Koma kamodzi kokha, ndipo pakhonde panga pano."

Mkazi wanga anatuluka akuthamanga ngati mtsikana. Panjira pobwerera anandigwira m'chiuno mwamphamvu n'kuyankhulira kukhutu kwanga, mphepo ikuomba. Anati mayi ake ayamba kuonda, miyendo ikutupa, ndipo nsalu imene kale inkawazungulira kamodzi tsopano ikutsala. Anati, "Bambo, ine ndikuopa. Ndikufuna nkhope ya mayi anga ikhale m'nyumba mwanga. China chilichonse sindikupemphani." Ndinamuyankha kuti asadandaule, imeneyo ndi ntchito ya masekondi makumi awiri.

Ndinadikira mwezi wa Julaye, usiku wopanda mwezi, pamene thambo limakhala loyera utsi wa moto wa tchire usanayambe. Tinafika madzulo. Kunkazizira kuzizira kwa kumapiri kuja kolowa m'makutu, mwera ukuomba kuchokera kumunsi. Ndinayenda pabwalo ndikuyeza ngati munthu womanga nyumba. Sitandi ndinaiika mapazi khumi kuchokera pakhonde, pamalo poti munthu ndi nyenyezi zonse zituluke bwino, ndipo ndinaipachika thumba la miyala kuti mphepo isaigwedeze. Ndinaitsitsa pafupi ndi nthaka kuti denga la udzu ndi thambo zilowe.

Vuto linali nkhope. Nyenyezi zimaunikira phiri ndi denga, koma pansi pa khonde pamakhala bii. Njira yake ndi tochi. Kamera ili chitsegulire, umayatsa tochi yokutidwa ndi mpango woyera kuti kuwala kufewe, n'kumuunika munthuyo cha m'mbali masekondi atatu, kenako n'kuzimitsa. Ukaunika kuchokera pamene pali kamera nkhope imatuluka yafulati ngati mbale. Choncho ndinayenera kuchoka pa kamera, kuyenda mapazi asanu cha kumanzere kulowera kukhonde, n'kuunika ndili pamenepo. Wovala zakuda akamayenda mumdima kamera simuona.

Kutada ndinayesera pa mkazi wanga. Anakhala pakhonde atatambasula miyendo, ine n'kujambula katatu. Katatu konse zinatuluka bwino, mpaka nsidze zikuoneka. Iye anati, "Tochiyo bwanji ndigwire ine mayi akatuluka? Inu mukhale kutali komweko."

Ndinakana. Ndinati kuunika kumeneku kumafuna dzanja lozolowera, ukachedwa sekondi imodzi bulauzi ipsa n'kuyera mbuu. Ndinamuuza kuti iye ntchito yake ikhala kulowa m'nyumba, kuzimitsa nyali ya sola n'kugwira chitseko kuti mphepo isachitsegule. Ndinayankhula ngati mphunzitsi wamkulu. Ndimakumbukira mawu anga a usiku umenewo, ndipo amandinyansa.

Apongozi anatuluka cha m'ma naini, mwana wawo atawagwira mkono. Anali atavala za kutchalitchi, bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo ndinamva fungo la sopo ndi la mafuta odzola. Munthu amene ankati sakufuna chithunzi anali atasita bulauzi ndi makala masana onse. Anakhala pansi movutikira.

"Alipo?" anafunsa.

"Ali kutali uko, mayi."

"Awuze afulumire. Kuzizira kwalowa m'mafupa."

Ine ndinayankhula kwa mkazi wanga, mokweza kuti iwo amve. "Muwauze ayang'ane kumene kuli mtengo wa mango. Asasunthe, asayankhule, mpaka nditanena kuti zatha."

"Akuti muyang'ane kumango, musasunthe."

"Ndamva, si ine gonthi."

Za tochi sindinanene. Sindinanene kuti ndiyandikira. Kwa ine chinali chinthu cha ntchito, chosafunika kulongosola, monga mmene sulongosolera mkwati kuti usintha batire.

Mkazi wanga analowa, nyali inazima. Ndinadina batani. Kamera ndinali nditaitchera kuti idikire masekondi awiri isanatsegule, kuti kugwedeza kwa chala changa kuthe kaye. Inalira kuti thee, ndipo ndinayamba kuwerenga mumtima. Pa khumi ndinanyamuka. Pabwalo panali makoko a chimanga, ndipo ankalira pansi pa nsapato zanga phazi lililonse. Ndinaima pamalo panga, ndinakweza tochi, ndinayatsa.

Ndipo ndinayang'ana pansi. Sindinaganize kuti ndiyang'ane pansi, khosi linangowerama lokha monga linkachitira zaka zonsezo. Dzanja linaunika pamene linazolowera poyesera paja, maso ali pa nthaka. Ndinaona mapazi awo awiri otupa ali m'masilipasi, basi. Ndinawerenga katatu, ndinazimitsa, ndinabwerera. Kamera inatseka.

"Zatha," ndinatero.

Chifuwa chimene anachigwira nthawi yonseyo chinaphulika. Anatsokomola nthawi yaitali, mkazi wanga n'kutuluka ndi bulangete. Kamera yanga ikajambula masekondi makumi awiri imatenganso ena makumi awiri ikuchotsa timadontho, ndiye ndinaima ndikudikira, ndikumva kutsokomolako. Kenako chithunzi chinabwera pa kagalasi ka kumbuyo. Nyenyezi zinali mbwee, denga lili bwino, ndipo pansi pake panali munthu wa zoyera, wamng'ono ngati nyemba.

Wojambula aliyense amadziwa chochita pamenepo. Umakulitsa chithunzicho, n'kupita pa nkhope, n'kuona ngati maso atuluka. Ndachita zimenezo kambirimbiri osaganiza n'komwe. Chala changa chinafika pa batani lokulitsira, n'kuima. Kukulitsa nkhope ya apongozi, n'kumaiyang'anitsitsa m'maso, eni ake atakhala mapazi khumi kuchokera pamene ndaima? Manyazi anandigwira thupi lonse ngati ndikufuna kusuzumira m'bafa. Ndinachotsa chala.

"Zatheka?" mkazi wanga anafunsa. "Kapena tibwereze?"

Lamulo langa ndi kujambula katatu, ngakhale chithunzi cha chitupa. Koma iwo ankatsokomolabe, ndipo anali atanena kuti kamodzi. Ndinati, "Zatheka. Alowetseni, angazizidwe."

Atawagoneka anabwera kudzaona. Ndinamuonetsa chomwecho chaching'onocho. Anati, "Ndi amenewo," n'kuseka, n'kupukuta misozi ndi chitenje. Ndinatseka kamera msanga ndikunamizira batire.

Iye anatsala kumudzi sabata imodzi, ine ndinabwerera ku boma. Kunali ukwati Loweruka, ndiye chithunzicho ndinachitsegula pa kompyuta patapita masiku anayi, ndili ndekha chitseko chotseka. Chinali chithunzi chokongola kuposa zonse zimene ndinajambulapo. Udzu wa padenga unkawerengeka. Mabatani a bulauzi ankaoneka lililonse, ndi ulusi wakuda umene anasokera limodzi. Dzanja lamanzere linali pabondo, mitsempha yake yonse poyera. Koma pamene panayenera kukhala mutu panali chinthu chonga utsi, chopindikira kukhoma, ndipo njerwa za kumbuyo zinkaonekera mkati mwake. Dzanja lamanja linalinso utsi, likukwera kumaso.

Sindinafunike kuuzidwa chimene chinachitika. Anamva makoko akulira, anadziwa kuti mkamwini akubwera. Kuwala kutawagwera anachita chimene anachita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anatembenukira kukhoma n'kuphimba kumaso. Thupi lonse analigwira phee monga ndinawauzira. Anandimvera pa zonse, kupatula pa chimene sakanatha. Ndipo ine, ndikanakweza maso kamodzi kokha, ndikanaona.

Ndinakhala pampando paja mpaka magetsi anazima. Pamenepo n'kuti zinthu zisanaonongeke. Ndikanatha kukwera njinga m'mawa mwake, kukanena kuti ndalakwitsa, kupatsa mkazi wanga tochi, n'kubwereza. Mwezi unali utayamba kuoneka, koma mwezi si mdani wa nkhope, umangothamangitsa nyenyezi. Ndikanathanso kutulutsa nsalu ija, kuitana ankhoswe, n'kuthetsa nkhani yonse. Sutukesi ndinaitsegula ndithu, nsaluyo ndinaigwira, inkanunkha mankhwala a njenjete. Koma njira zonsezi zinkayamba ndi kuuza mkazi wanga kuti ndinati zatheka ndisanaone. Ine, amene ndinamukaniza tochi.

Ndiye ndinapanga nzeru za munthu wamantha. Ndinati ndidikira mdima wa mwezi wotsatira, masabata atatu ndi masiku, ndidzanene kuti ndikufuna china chokhala ndi adzukulu. Ndikadzajambula chabwino, choipachi sadzachiona aliyense. Mkazi wanga atabwera n'kufunsa, ndinati chithunzi chotere sichitsukidwa pa Ntchisi pano, chikufunika pepala lalikulu la ku Lilongwe. Anavomera. Anali atasankha kale khoma lopachikapo, ndipo anachotsapo kalendala.

Usiku uliwonse ndinkatuluka panja kukayang'ana mwezi. Unakula pang'onopang'ono ngati ukuchita dala, unakhwima, unayamba kuchedwa kutuluka. Ndinkawerenga masiku ngati mayi woyembekezera.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi, alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wanga, anaimba foni m'mamawa. Anati mayi agwa pobwera kuchimbudzi ndipo akupuma movutikira, apeza galimoto, akupita nawo kuchipatala cha Mtengowanthenga. Mkazi wanga ananyamuka tsiku lomwelo kukawadikirira. Ine ndinatsatira mawa lake, kamera ili m'chikwama, sindikudziwa kuti ndinkati ndikachita nayo chiyani. Nthawi yoona odwala ndinkafika pakhomo la wodi, n'kuima pamenepo chipewa kumanja, n'kupereka moni kudzera kwa mwana wawo. Bedi lawo linali lachitatu, ndipo ndinkaona bulangete ndi botolo la diripi. Madokotala ndi anamwino anayesetsa, koma mtima unali utatopa.

Tsiku lachinayi mkazi wanga anandipeza nditakhala pansi pa mtengo pafupi ndi khitchini ya odikirira odwala. Maso ake anali ofiira ndi tulo. Anakhala pambali panga n'kunena kuti, "Sakudyanso. Koma bambo, bola chithunzi chija tinajambula. Mulungu anatitsogolera." Anandigwira dzanja, chinthu chimene sachita pagulu. Ndinati, "Eya." Ndi mawu okhawo amene ndinanena.

Apongozi anamwalira m'mawa mwake, dzuwa litangotuluka.

Kumudzi, anthu akusonkhana, amuna akudula mitengo ya chisakasa, alamu anandikokera pambali. Anati, "Alamu, paja akuti munawajambula mayi. Tikufuna chithunzicho mawa chitsogole bokosi. Mukathamanga pa njinga mukhoza kutsukitsa lero lomwe." Ndinawauza kuti andiitanire mlongo wawo kaye.

Anatuluka m'nyumba ya siwa mawu atasasa ndi kulira. Ndinapita naye kuseri kwa nkhokwe. Sindinapeze poyambira, ndiye ndinangotulutsa kamera, ndinapeza chithunzicho, ndinadina batani lija lokulitsira mpaka pamapeto, n'kumupatsa. Anayang'ana nthawi yaitali. Anasuntha chithunzicho ndi chala, kupita m'mwamba, kubwerera m'munsi, ngati nkhopeyo yangosochera penapake.

"China chija chili kuti?"

"Palibe china. N'chomwechi."

"Munadziwa liti?"

"Patapita masiku anayi."

Anawerenga mumtima, ndinamuona akuwerenga. Masabata oposa awiri amene mayi ake anali moyo, akuyenda, akukhala pakhonde lomwelo kuothera dzuwa.

"Poyatsa tochi paja simunaone kuti atembenuka?"

"Ndinayang'ana pansi."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinkafuna kuti akalipe. Koma anayankhula motsitsa, chifukwa kuseri kwa nkhokweyo kunkadutsa amayi opita kumadzi. Anati, "Zaka zonsezi mumauza anthu kuti yang'anani kuno, yang'anani kuno. Inu simunathe kuyang'ana kamodzi?" Anandibwezera kamera ndi manja awiri, mwaulemu, monga amaperekera madzi kwa mlendo. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa mbama.

Alamu atamva anati palibe kanthu, ndikhoza kuwajambula ali m'bokosi, ena amatero. Mkazi wanga anakana. Anati, "Anakana masana ali moyo. Musawabere pamene sangathe kuphimba kumaso." Bokosi linapita kumanda popanda chithunzi patsogolo, ndipo anthu ananong'onezana, pakuti mudzi wonse unkadziwa ntchito ya mkamwini wa pakhomopo.

Bokosi lisananyamuke, anaitana anthu kudzaona nkhope. Amayi anayamba, kenako amuna. Ndinaganiza zokhala kumbuyo, koma mkulu wina anandikankha pamsana n'kunena kuti, "Pitani akamwini, lero palibe kuthawana." Ndinalowa pamzere. Nditafika, ndinayang'ana. Anali ndi mphini zitatu patsaya lililonse, zazing'ono, zofufutika ndi ukalamba. Mphuno inali ya mkazi wanga, chipumi cha mwana wathu wamkazi woyamba. Pakamwa panali potseka mwamphamvu, m'mphuno muli thonje. Ndinaima pamenepo mpaka wa kumbuyo kwanga anandigwira chigongono. Munthu amene anandiphikira zaka zinayi, amene analandira ana anga onse atatu m'manja mwake, ndinamuona tsiku limenelo. Ndinalira ngati mwana, ndipo anthu ankati mkamwiniyu ankawakonda apongozi ake. N'zoona ndinkawakonda, koma si chokhacho chimene ndinkalira.

Papita zaka zitatu. Mkazi wanga sanandisiye, ndipo nkhaniyi sanaibwerezenso. Miyezi yoyamba ankandiyankhula zofunika zokha, za mchere ndi za sukulu ya ana, kenako pang'onopang'ono tinabwerera. Chitatha chaka anandiuza kuti ndikatsukitse chithunzicho mmene chililimo. Sanachipachike pakhoma. Chili m'kabati pakati pa nsalu zake, ndipo nthawi zina ndimamupeza atachitulutsa, chala chili pa dzanja lamanzere lija.

Kujambula usiku sindinasiye, ngakhale ndinayesa. Alendo okwera phiri amandifunsa manambala, ndipo ndimawauza: kabowo mpaka pomaliza, masekondi makumi awiri, fokasi ndi dzanja, pukutani mame pa lenzi. Ndikamaliza ndimawauza kuti akulitse chithunzi aone asanachoke pamalopo. Amalemba m'mafoni mwawo ngati langizo wamba.

Mwezi wathawu tinakhala pakhomo Lamulungu masana tikuswa mtedza wa mbewu. Mkazi wanga anayamba kunena kuti mawu a mayi ake amawamvabe bwinobwino, makamaka mmene ankaitanira nkhuku, koma nkhope ikumuthawa. Anati akatseka maso amaona duku, amaona mphini, koma pakati pake sipakhazikika. Ankayankhula mosadandaula, manja akugwira ntchito. Kenako anati, "Paja akamaseka diso limodzi linkatsinzina. Linali liti, bambo, lamanja kapena lamanzere?"

Ananditembenukira akudikira yankho, monga munthu amafunsira mnzake amene anakhala naye limodzi zaka zonsezo. Ine nkhope imene ndili nayo ndi ya m'bokosi, maso onse awiri otseka. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anakumbukira amene akumufunsa, ndipo anatola mtedza wina n'kuuswa.